Mazira a Akamba Aamuna

Rozita ndi Armando, ana anga, za ubwana wanga sindilembapo. Ndinabadwa, ndinadwala chikuku, ndinachira, nkhondo inabwera, tinathawira ku Malawi. Zimenezo aliyense wa msinkhu wanga kuno ku Mecanhelas angakuuzeni, mwinanso bwino kuposa ine. Chimene ndagulira kaderno uyu, kope lolembamo, ndi china. Ku Amaramba kuli manda a munthu amene anamwalira akutchedwa Che Mandanda. Mandanda ndi mazira m'Chiyao, ndipo dzinalo linali la wakuba. Dzina lawo lenileni linali Che Amidu. Amene anawapatsa dzina lakubalo ndi anthu a kumsika, koma amene analiumba ndine, bambo wanu, ndi mawu atatu okha. Reforma, penshoni imene ndimakalandira ku Insaca, imene inamalizitsa sukulu ya Armando, inachokera pa mawu atatuwo. Werengani mpaka kumapeto musanandikwiyire, kenako mukwiye.

Chaka chachiwiri chibwerere kuchokera ku Malawi

Ntchito yanga yoyamba inali ya pa vivero, nazale ya mbande za mitengo, pafupi ndi siteshoni ya sitima ku Entre Lagos. Inali ya bungwe lina la kunja losamalira mitengo ndi nyama zakutchire. Dzina lake sindilitchula, linatha kale ndipo sindilisowa. Tinkafesa mibawa ndi masuku m'timatumba ta pulasitiki, timatumbato tikabwera. Nthawi zambiri timatumbato sitinkabwera, ndiye tinkatola zitini ndi mapaketi a shuga m'mbali mwa njanji n'kumaboola pansi. Majombo anatilonjeza chaka choyamba, ine ndinawavala chaka chachisanu ndi chimodzi, onse awiri a phazi lakumanzere.

Shefi wathu anali Dona Selesitina, mayi wamfupi waukali, koma ukali wawo unali wa ntchito. Akakupeza walakwitsa ankakukalipira pomwepo, mawa lake aiwala. Iwo ndi amene anaona kuti ndimayankhula Chichewa ndi Chiyao, komanso Chipwitikizi chothyokathyoka chimene ndinatola nkhondo isanafike, ndiye pakakhala msonkhano ankandiimika pakati kuti ndizimasulira. Tsiku lina mlimi wina anatukwana bungwe lathu chifukwa mbande zinafika mvula itatha. Ine pomasulira ndinati bambowa akuthokoza, koma akupempha kuti chaka chamawa tifulumireko. Dona Selesitina anandiyang'ana. "Jowakimu, munthu wothokoza satulutsa mitsempha ya m'khosi chonchi. Wati chiyani?" Ndinawauza zonse, mpaka mawu otchula amayi awo. Anaseka mpaka kupukuta misozi, kenako anandiloza ndi chala. "Ukamamasulira, pakamwapo si pako. Ndi pa mwini mawu." Ndinakhala pa vivero zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo lamulo limenelo ndinalisunga ntchito yanga yonse kupatula tsiku limodzi.

Chaka chimene akamba anabwera

Mvula itangoyamba, pa siteshoni anagwira munthu ali ndi thumba limene linkagwedezeka lokha. Iye ankati ndi chinangwa. Atamasula anapezamo akamba khumi ndi asanu, a mtundu uja wa chigoba chotseka kumbuyo, woti ukamutola amabweza miyendo ndi mchira, chigoba n'kutsekeka ngati chitseko. Munthuyo anavomera kuti anali nawo ambiri, koma akuluakulu olemera anagulitsa m'njira kwa anthu odya akamba, n'kutsala ndi ang'onoang'ono awa. Zimenezi muzisunge, ana anga, chifukwa pa mtundu umenewu wamkulu ndi wolemera ndiye wamkazi.

Akambawo anawapereka ku bungwe lathu. A ku likulu la bungwelo anaona kuti apa pali nkhani yokoma kuuza opereka thandizo, ndipo anatumiza munthu wa digiri kuti adzatsegule khola loswetsera akamba kunja kwa Insaca, m'njira ya ku Amaramba. Tinkamutchula kuti Enjenyero. Mundikhululukire kuti pomutchula sindiika ulemu. Ndinamupatsa ulemu zaka zisanu, unakwana. Ine anandisamutsa ku vivero kuti ndikhale woyang'anira khola ndi womasulira wake, popeza iye Chichewa sankachimva ndipo sankafuna kuchimva.

Kumeneko ndi kumene ndinakumana ndi Che Amidu. Anali msodzi wa ku Amaramba amene anasiya bwato chifukwa cha msana, wamkulu kwa ine zaka ngati khumi, Msilamu wosaphonya Lachisanu ndiponso wosunga kiyi wa mzikiti wa kwawo. Chipwitikizi chawo chinali moni ndi timawu tochepa timene munthu amatola akamakalipiridwa. Mawu amene ankawadziwa bwino kwambiri anali atatu, chifukwa Enjenyero ankawaponyera tsiku ndi tsiku: nau sabe nada, sadziwa kanthu. Lachisanu m'mawa ankapalasa njinga kupita kwawo kukapemphera, dengu lopanda kanthu kumbuyo. Loweruka ankabwera nalo lodzaza nkhono, bowa ndi abongololo, chifukwa kabichi amene ofesi inalonjeza akamba anali m'bale wake wa majombo aja. Lamulungu ine ndinkapuma, iwo n'kutsala ndi khola. Chaka chomwecho malungo anandigwetsa pakati pa ntchito, ndipo Che Amidu, ndi msana wawo womwewo, anandimangirira ndi chitenje pa njinga n'kundikankha mpaka kuchipatala cha ku Insaca. Amayi anu amakumbukira.

Mvula yoyamba m'khola

Akamba m'chilimwe ndi miyala. Amakumba timaenje tosaya pansi pa udzu, kulowetsamo theka la thupi, osadya, osayenda. Koma mvula ikagwa, aamuna amapenga. Awiri akakumana amayamba ndi kununkhizana, kenako wina amabweza mutu n'kugunda mnzake ndi chigoba, gu, gu, kufuna kulowetsa mphepete mwa chigoba chake pansi pa mnzakeyo kuti amunyamule. Wogonja amagwa chagada, miyendo ikupalasa m'mwamba. Akapanda kugwa amathawa, ndipo wopambana amamulondola, kumuluma miyendo, kumukwera pamsana, khosi atatambasula, kukamwa kuli yasa, akulira kamawu kosasa ngati kamwana ka mphaka. Wosadziwa amati ndi ukwati. Si ukwati ayi, ndi kuuzana kuti mwini khola ndani. Kutchire wogonja amapita kutali nkhani n'kutha, koma m'khola la waya alowera kuti?

Sabata yachiwiri, tili kotunga madzi masana, mmodzi anagwetsedwa ndipo tinamupeza atafa chagada padzuwa. Enjenyero sanafunse munthu. "Kamba sagwa chagada yekha," anatero, ine ndikumasulira. "Mwamutembenuza ndinu posewera." Tsiku lomwelo anakhoma bolodi pa chitseko cha khola lonena kuti aliyense wopezeka akutembenuza kamba ntchito yamuthera pomwepo. Chimene tinaloledwa ndi kudzutsa wakugwa, ndi kamtengo, osati ndi manja.

Motero ntchito yathu m'dzinja inali yoyendayenda m'khola ndi timitengo, kudzutsa ogonja. Panali mmodzi wa chigoba chakuda amene ankagwetsa anzake onse, tinamutcha Kapitau. Panalinso wina wa chigoba chopsa mbali imodzi ndi moto wa kutchire, tinamutcha Chigamba. Ameneyu ankagwetsedwa ngakhale katatu pa tsiku, ndipo chifukwa cha kupindika kwa chigoba sankatha kudzuka yekha. Che Amidu ankamukonda ngati mwana, nkhono yonona ankamuikira pambali.

"A Jowakimu, taonani pamimbapa musanamudzutse," anandiuza tsiku lina. "Mukuona palowa m'kati ngati mbale? Ameneyu ndi mwamuna. Mbaleyo ndi yoti akhazikike pamsana pa mkazi. Mchiranso taonani kutalika. Wamkazi pamimba ndi pathyathyathya, mchira kakafupi."

"Nanga uyu wa dzulo uja?"

"Mbale."

"Wa pakona uja?"

"Mbalenso. Asa, khola lonseli ndi la mbale zokhazokha." Anaseka, kenako anamudzutsa Chigamba pang'onopang'ono. "Koma musamachedwe naye uyu. Kamba safa ndi kugwa, a Jowakimu. Amafa ndi dzuwa, womudzutsa akachedwa."

Mvula isanathe tinali titaona pamimba pa onse khumi ndi atatu amene Kapitau ankagwetsa, osatembenuza ngakhale mmodzi. Onse anali aamuna. Koma Enjenyero ankaima kunja kwa waya ndi kamera, akuona Kapitau akukwera uyu, mawa akukwera uyo, n'kumawomba m'manja. "Mwamuna mmodzi, akazi khumi ndi atatu!" Anawapaka manambala ndi penti, ena anawapatsa maina a akazi, n'kulemba relatoriyo, lipoti lake, ku likulu kuti kuswana kwayamba bwino.

Ndinayesa kumuuza, musaganize kuti sindinayese. Ndinavula chipewa n'kunena kuti, "Shefi, pepani, koma zikuoneka kuti onsewa ndi aamuna."

"Aamuna amakwerana?"

"Amakwerana, Shefi, ngati atonde awiri m'khola limodzi."

"Za nyama unaphunzira kuti iwe? Ku kampu ya othawa nkhondo?" Kenako anatsitsa mawu. "Wadziwa bwanji kuti ndi aamuna? Wawatembenuza?"

Ndinayang'ana bolodi lija, kenako ndinayang'ana iye. Ndinati mwina ndaona molakwika. Nditawauza Che Amidu, anangoti, "Musiyeni. Mazira akalephera kubwera adzafunsa yekha."

Chaka chachitatu cha khola

Sanafunse. Chaka chachiwiri anajambula timaenje ta m'chilimwe tija n'kulemba kuti akazi akumba zisa. Akulikulu anasangalala, anamutumizira njinga yamoto yatsopano. Ife tinapempha fosholo, sinabwere.

M'dzinja la chaka chachitatu kunachitika chinthu chimene sindidzaiwala. Kamba nambala faifi, amene Enjenyero anamutcha Dona Bela, anali atakula ndi nkhono za Che Amidu. M'mawa wina anakumana ndi Kapitau pakati pa khola, anagundana kwa nthawi yaitali, kenako Kapitau uja gada! Nditamudzutsa anathawa, Dona Bela pambuyo, mpaka kumukwera pamsana n'kumalira kamawu kaja. Enjenyero anali pomwepo, kamera ili m'manja. Sanajambule. Anaima nthawi yaitali, nkhope itagwa, kenako analowa mu ofesi. Kuyambira tsiku limenelo ankadziwa. Izi ndikulemba kuti wina asadzakuuzeni kuti munthuyo anangolakwitsa. Kulakwitsa kunathera m'mawa umenewo, zotsatira zonse zinali dala.

Chilimwe chili pakati kunabwera kalata yoti opereka thandizo akutumiza munthu kudzaona ana a akamba. Enjenyero anandiitana pakhonde la ofesi masana, Che Amidu ali kotunga madzi. Anandipatsa mpando. Zaka zitatu sanandipatsepo mpando, ndipo ndinadziwa kuti mpando umenewu uli ndi minga.

"Jowakimu, pali njira ziwiri," anatero. "Yoyamba, mazira kunalibe. Ndiye kuti pulojeto itsekedwa mwezi uno. Ine ndili ndi digiri, ndikapeza kwina. Iwe zakutsalira zaka zingati kuti ufike pa reforma?"

"Ziwiri, Shefi."

"Ziwiri. Pa msinkhu wakowu akulemba ndani kuti uzimalize? Njira yachiwiri, mazira analipo koma anabedwa. Ndani amatuluka pano ndi dengu sabata iliyonse? Ndani amatsala yekha Lamulungu?"

"Dengu lija limapita lopanda kanthu, Shefi. Limabwera ndi nkhono."

"Sindikukuuza kuti unene kuti waba. Zimenezo ndinena ndine. Iwe ntchito yako ndi kumasulira. Akakufunsa za maenje, unawaona kapena sunawaone?"

"Ndinawaona."

"Basi. Sunama pamenepo."

Ndinafika kunyumba n'kuwauza amayi anu. Musawaimbe mlandu, sanandikankhe. Anangoti, "Inu, mukundifunsa ine kuti nditani? Munthu ameneyu anakunyamulani pa njinga. Komanso Armando sanamalize sukulu. Zonse ziwiri mukuzidziwa kale." Panali masiku asanu ndi anayi mlendo asanafike, ndipo masiku onsewo ndinagwira ntchito phewa ndi phewa ndi Che Amidu. Ankandigawira chinangwa chootcha, ine n'kumadya. Sindinawauze kanthu. Ndinkadzinamiza kuti ikafika nthawi pakamwa panga padzasankha bwino pokha.

Tsiku la mlendo

Mlendo anali mayi wa magalasi, tinkawatchula kuti Dotora. Anali munthu wofatsa, wodziwa mapepala kuposa akamba. Anafika mwezi wotentha, akamba onse ali m'maenje mwawo, zigoba zotseka, palibe wogunda mnzake. Akanabwera m'dzinja, akambawo akanadzinenera okha. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango moyang'anizana ndi khola, Dotora ndi Enjenyero pa mipando, Che Amidu pa chitsa, ine chiimire pakati. Khola linali lokhoma, kiyi ali m'thumba mwanga.

Enjenyero anayankhula nthawi yaitali, mawu achisoni, za zisa zofukulidwa ndi za dengu. Dotora anatembenukira kwa ine n'kufunsa ngati maenje ndinawaona. Ndinati ndinawaona. Anafunsa ngati mazira ndinawaona. Ndinati ayi. Enjenyero analowerera msanga kuti n'zoona sindikanawaona, chifukwa ankachoka Lamulungu ine kulibe. Kenako Dotora anati ndiwauze bambowa mlandu wawo, ayankhe. Mlanduwo ndinaumasulira bwinobwino, osachotsa, osawonjezera.

Che Amidu anayamba ndi kuseka. "Mazira? A Jowakimu, mwamva bwino? Mazira a ndani, a Kapitau?" Ataona kuti palibe wina akuseka, anavula chisoti chawo n'kuchiika pabondo. "Auzeni amayiwa asavutike ndi zolembalemba. Atembenuze mmodzi aone. Atembenuze onse. Akapeza wamkazi mmodzi yekha, andimange."

Ndinatembenuka kuyang'ana Dotora. Cholembera chinali pa pepala, akudikira. Enjenyero sankandiyang'ana n'komwe, ankachotsa udzu pa buluku lake, ngati munthu amene anagula kale mbuzi akungodikira chingwe. Chipwitikizi cha mawu a Che Amidu ndinali nacho, chinali chitafika kale pa lilime. Ndinamva mawu a Dona Selesitina. Ndinaonanso zaka ziwiri zija. Ndinatsegula pakamwa n'kunena kuti, "Nau sabe nada."

Mawu ena alionse akanawadutsa Che Amidu. Ndikanati akukana, ndikanati akupepesa, sakanamva. Koma ine ndinasankha atatu okhawo amene ankawadziwa, amene anawamva tsiku lililonse zaka zitatu. Mpaka lero sindidziwa ngati anangotuluka chifukwa anali pafupi, kapena mtima wanga unkafuna kuti adziwe amene wawagulitsa.

Anandiyang'ana. Kenako anadzuka, dzanja lili pamsana, n'kupita pa chitseko cha khola. Enjenyero analumpha kukaima pa bolodi n'kuuza Dotora kuti onani, tsopano akufuna kuvulaza nyama. Che Amidu sanamuyang'ane. Anatambasulira ine dzanja.

"A Jowakimu, kiyi."

Ndinayang'ana pansi.

"Achimwene, kiyi."

Ndinapitiriza kuyang'ana pansi. Ndikukumbukira kuti panali nyerere zikukoka phiko la chiwala. Ndinaziyang'ana mpaka dzanja lija linatsika. Che Amidu anavala chisoti, anatenga njinga yawo, dengu analisiya pansi pa mtengo. Podutsa pafupi nane anati, "Zikomo. Mwamasulira." Dotora anandifunsa kuti ati chiyani. Ndinati akutsanzika.

Zaka ziwiri zotsala

Nkhani inafika ku Amaramba tsiku lomwelo, ndipo pofika kumsika inali itamera miyendo. Ankati Msilamu wathunthu amagulitsa mazira a kamba kwa asing'anga a ku Malawi, ena ankati amadya yekha mobisa. Akamadutsa, ogulitsa nsomba ankafuula kuti Che Mandanda, lero dzira bwanji? Akumzikiti sanawathamangitse, koma kiyi anawalanda mwaulemu n'kupatsa wina. Iwo ankayesa kufotokoza kuti akamba onse anali aamuna, anthu n'kumaseka kwambiri, chifukwa ndani angakhulupirire kuti munthu wa digiri angaswetse aamuna okhaokha zaka zitatu? Mboni yawo inali imodzi, ndipo mboniyo inali ku Insaca ikudikira reforma.

M'malo mwawo sanalembe munthu. Nkhono zinasiya kubwera. Lamulungu khola linkakhala lokha, chifukwa Enjenyero anati palibenso choti chibedwe. Mvula yoyamba itagwa, Lolemba m'mawa ndinapeza Chigamba ali chagada pafupi ndi waya, miyendo itauma. Pansi panali mizere imene anapalasa ndi mphepete mwa chigoba pozungulirazungulira. Ndinamukwirira kuseri kwa ofesi. Mu relatoriyo Enjenyero analemba kuti mkazi mmodzi wamwalira ndi ukalamba.

Zaka ziwiri zinakwana, ndinasainira reforma yanga. Patapita miyezi itatu pulojeto inatsekedwa mwakachetechete, opereka thandizo atatopa okha. Enjenyero anakwezedwa. Ndinamuonapo kamodzi akudutsa pa galimoto ku Insaca, sanandizindikire kapena sanafune. Akulikulu anandipempha kuti akamba otsala ndikawataye kutchire, ndipo ndinawanyamula m'dengu la Che Amidu lomwe lija. Nditawatula aliyense analowera kwake, palibe anagunda mnzake. Anthu amati kamba amanyera amene wamutola. Akamba aja sanalakwire munthu. Amene ananyera womutola ndine.

Chaka choyamba cha reforma

Ndinapita ku Amaramba kamodzi. Ndinakwera shapa, kaminibasi kathu, mawu onse nditawakonza m'njira. Ndinawapeza pansi pa mtengo akusoka ukonde wa munthu wina, ataonda, ndevu zitayera. Anandilandira, anaitana mwana wawo wamkazi, Abiti Amidu, kuti anditengere mpando. Tinapatsana moni wautali, wa kunyumba, wa ana, wa mvula. Moni utatha panali mpata woti ndiyambe. Ndisanayambe anandifunsa, maso ali pa ukonde.

"Nanga Chigamba? Anapezeka womudzutsa?"

Apa ndiye panali poyambira pabwino. Koma munthu ukanama kamodzi lilime limazolowera njira. Ndinati, "Ali bwino. Tinamumasula pamodzi ndi anzake."

Anasiya kusoka. "Kumasula, a Jowakimu, kapena kumasulira?"

Ndinasintha nkhani. Iwonso sanafunsenso. Tinakamba za mitengo ya nsomba, za msewu, za msana wawo. Potsanzika anauza Abiti Amidu kuti andimangire nsomba zouma. Ndinakana, iwo anati mlendo sabwerera chimanjamanja, ngakhale mlendo wotani. Nsomba zimenezo munadya ndinu. Ine ndinati m'mimba simuli bwino.

Anamwalira patapita zaka ziwiri. Kumaliro ndinapita, ndinaima kumbuyo. Munthu wina wodutsa ndi njinga ya nsomba anaima n'kufunsa woyandikana nane kuti maliro ndi a ndani. Anamuyankha kuti ndi a Che Mandanda. Ndinali pomwepo, phewa langa likukhudza la woyankhayo. Enjenyero kunalibe, Dotora kunalibe, reforma palibe akanandilanda. Ndinakhalabe chete, ndipo kukhala chete kwa tsiku limenelo kumandiwawa kuposa kwa pansi pa mango, chifukwa kunalibe chogula.

Chaka chino

Ndine wokwiya, ana anga, ndipo sindibisa. Ndimakwiyira Enjenyero amene ankadziwa. Ndimakwiyira akulikulu amene ankafuna zithunzi osati zoona, ndi bolodi limene linaletsa anthu awiri odziwa ntchito kugwira kamba ndi manja. Koma ndikamaliza kuwerenga onsewo ndimapeza kuti bolodi silinayankhule, Enjenyero ankachotsa udzu pa buluku, Dotora ankadikira ndi cholembera. Pakamwa pamene panatseguka ndi panga.

Mwezi watha ku msika wa Insaca ndinamva mayi wina akuitana mnzake wogulitsa nsomba kuti Abiti Mandanda. Ndinacheuka. Anali Abiti Amidu, amene ananditengera mpando uja, ndipo anavomera dzinalo ngati lake. Ndiye kuti lafika kwa mwana, ndipo ndikachedwanso lifika kwa adzukulu.

Choncho ndikupemphani ziwiri. Rozita, iwe ndiwe mphunzitsi, Chipwitikizi chako n'choongoka. Ulembe nkhaniyi m'Chipwitikizi mmene ilili, osakometsa dzina langa, ikhalepo kwa aliyense wofuna kudziwa. Armando, Lachisanu likubwerali undinyamule pa njinga yamoto upite nane ku Amaramba. Ndalankhula kale ndi akuluakulu a mzikiti, andilola kuima panja anthu akamatuluka ku mapemphero. Dengu lija lili padenga la khitchini, ulitsitse, ndikabweza kwa Abiti Amidu. Usandigwire mkono ndikamayankhula, ngakhale mawu atanjenjemera. Anthu akaseka uwasiye aseke.

Zonena zanga si zambiri, ndi ntchito imene ndinasiya pakati. Ndikanena m'Chiyao, m'Chichewa ndi m'Chipwitikizi kuti: Che Amidu sananene kuti sadziwa kanthu. Anati, tembenuzani mmodzi muone. Akamba onse khumi ndi anayi anali aamuna, dzira silinaikidwepo ngakhale limodzi, ndipo kiyi anali m'thumba mwanga.